720,720: nambala imene siikanira pogawana

Sabata yathayi pa gulu lathu la WhatsApp la pabanja padafika uthenga uja wakhala ukuzungulira m'mafoni muno mu Lilongwe. Umati: ganizirani nambala iliyonse ya madijiti atatu, muilembe kawiri motsatizana, muigawe ndi 7, yankholo muligawe ndi 11, kenako ndi 13. Nambala imene mudaganizira ija ibwerera yokha, popanda chotsala.

Azakhali anga a ku Area 25, omwe amasunga buku la banki mkhonde ya amayi a kumpingo kwawo, adayesa katatu pa foni yawo, katatu konseko n'kutheka. Madzulo adandiimbira.

"Mwananga, iwe udapita kusukulu, tandiuza zoona. Foni imeneyi yadziwa bwanji nambala imene ndaganizira mumtima mwanga? Zisakhale zamasalamusi izi."

"Ayi azakhali, musaope," ndidatero. "Tengani cholembera tiyesere limodzi ndi 720."

Tidalemba 720,720. Titagawa ndi 7 tidapeza 102,960. Titagawa ndi 11 tidapeza 9,360. Titagawa ndi 13, 720 uja n'kutulukira.

Chimene chikuchitika ndi ichi. Kulemba nambala ya madijiti atatu kawiri n'chimodzimodzi kuichulukitsa ndi 1,001. Onani: 720 kuchulukitsa ndi 1,000 ndi 720,000, mukawonjezerapo 720 wina mupeza 720,720. Tsono 1,001 ameneyu ndi 7 × 11 × 13. Ndiye kuti munthu wamanga yekha thumba ndi mfundo zitatu osazindikira, kenako akumasula imodziimodzi, n'kumadabwa kuti wapezamo chimanga chimene adathiramo yekha.

Azakhali mtima udakhala pansi. Koma ine 720 sindidangomutola. Nambala imene idatuluka titamulemba kawiri ndi imodzi mwa nambala zimene ndimazikonda kwambiri, ndipo ndi yabwino kuonetsera mmene akatswiri a masamu amaunikira nambala yaikulu n'kuiika m'gulu lake. Ambirife tikaona nambala yaikulu timangofunsa kuti ndi zingati. Koma kukula kwa nambala sikutiuza zambiri za khalidwe lake. Khalidwelo limachokera ku zimene idamangidwa nazo.

Njerwa zomangira nambala

Pali mawu awiri amene ana athu amawamva m'kalasi m'Chingerezi. Loyamba ndi factor, kutanthauza nambala imene imagawa inzake popanda chotsala. Pano ndiziitcha chogawira. Mazira 30 a mu thireyi mutha kuwayala m'mizere 5 ya mazira 6, kapena mizere 3 ya mazira 10, kapenanso mizere 2 ya mazira 15. Choncho 2, 3, 5, 6, 10 ndi 15 ndi zogawira za 30, kuphatikizapo 1 ndi 30 mwini wakeyo. Zonse pamodzi ndi 8.

Tsopano dzira limodzi lisweke, atsale 29. Yesani kuwayala m'mizere yofanana. Mizere iwiri ikana, itatu ikana, inayi ikana, mpaka mutopa. Chotheka n'kuwandandalika onse mu mzere umodzi wautali basi. Nambala yotere, yogawika ndi 1 ndi iyo yokha, ndi imene amaitcha prime, liwu lathu lachiwiri. Zoyambirira zake ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29.

Nambala za prime ndi njerwa. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imene si prime ndi nyumba yomangidwa pochulukitsa njerwazi, ndipo nyumba iliyonse ili ndi mulu umodzi wokha wa njerwa zake. 30 ndi 2 × 3 × 5. Kaya muyambire pa 5 × 6, kaya pa 3 × 10, mukaphwanya mpaka pansi mufika pa njerwa zitatu zomwezo. Ichi n'chifukwa chake 1 samuwerengera m'gulu la prime. Akadamulola, munthu akadati 30 ndi 1 × 2 × 3 × 5, wina n'kuti 1 × 1 × 2 × 3 × 5, lamulo lokongolali n'kusokonekera.

Nzeruzi ndi zakale, ndipo zambiri zidalembedwa pa nthaka ya Africa yomwe ino. Euclid, katswiri wa masamu, ankaphunzitsa ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene komwe lero ndi Libya, adasiya njira yopezera nambala za prime imene mpaka pano imatchedwa sefa. Imagwiradi ntchito ngati sefa ya ufa. Lembani nambala kuyambira 2 mpaka 100. Sungani 2, mufafanize zonse zogawika ndi 2. Sungani 3, mufafanize zogawika ndi 3. Muchite chimodzimodzi ndi 5 ndi 7. Zotsalira pamwamba pa sefa ndi nambala za prime, ndipo mukaziwerenga zikwana 25. Pansi pa 1,000 zilipo 168. Pansi pa miliyoni zilipo 78,498. Mukamakwera zimanka zitalikirana, koma sizitha.

Palinso fupa lina lodziwika, lomwe lidafukulidwa ku Ishango m'dziko la Congo mu 1950, la zaka pafupifupi 20,000. Mbali ina ya fupalo ili ndi timizere tojoba m'magulu a 11, 13, 17 ndi 19. Akatswiri ena amati wojobayo ankazidziwa nambala za prime, ena amati zidangochitika, mwina ankawerenga masiku a mwezi. Mtsutsowu ukadalipo.

Tiiphwanye 720,720

Tengani pepala muchite nane, chifukwa apa m'pamene pali kukoma. Nambalayi ikuthera ndi 0, ndiye 2 aigawa. Tipeza 360,360. Tigawenso ndi 2: 180,180. Kachitatu: 90,090. Kachinayi: 45,045. Apa 2 wakanika chifukwa kumapeto kwabwera 5. Tiyese 3: 15,015. Tibwereze: 5,005. Apa 3 naye watha. Tigawe ndi 5, ndipo taonani amene watulukira: 1,001, mnzathu wa mu uthenga wa azakhali uja, yemwe ndi 7 × 11 × 13.

Choncho 720,720 = 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13. Njerwa khumi, zonse zing'onozing'ono, yaikulu pa zonse ndi 13.

Mukayang'anitsitsa muluwu muona kuti nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16 mutha kuimanga ndi njerwa zimenezi. 12 ndi 2 × 2 × 3, zilipo. 14 ndi 2 × 7, zilipo. 15 ndi 3 × 5. 16 afuna ma 2 anayi, ndipo alipo anayi ndendende. Tanthauzo lake n'lakuti 720,720 imagawika ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16. Komanso ndiyo yochepetsetsa imene ingachite zimenezo, chifukwa mulibe njerwa yongokhalamo. Chotsani 2 mmodzi, 16 akana. Chotsani 3 mmodzi, 9 akana. Chotsani 11, 11 akana.

Tiyerekeze kuti alimi a kalabu ina ku Mitundu agulitsa soya wawo pamodzi n'kupeza K720,720 yoti agawane mofanana. Akakhala anthu 8, aliyense atenga K90,090. Akakhala 9, K80,080. Akakhala 12, K60,060. Akakhala 13, K55,440. Akakhala 15, K48,048. Palibe tambala yotsala pa mphasa. Woyamba kuvutitsa ndi 17: aliyense alandira K42,395 ndipo K5 itsala.

Zogawira zake ndi zingati?

Simufunika kuyesa nambala imodziimodzi mpaka 720,720 kuti mudziwe. Munthu amene wagula malaya 5 ndi mathalauza 3 pa kaunjika ku Tsoka ali ndi mavalidwe 15 osiyana, chifukwa malaya aliwonse atha kuvalidwa ndi thalauza iliyonse. Kuwerenga zogawira n'chimodzimodzi. Chogawira chilichonse chimapangidwa potapa njerwa zina pa mulu uja. Pa ma 2 muli ndi njira 5: osatengapo, kutenga mmodzi, awiri, atatu kapena onse anayi. Pa ma 3 muli ndi njira 3. Pa 5, 7, 11 ndi 13 njira ndi ziwiriziwiri, kutenga kapena kusiya. Tsono 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 ndi 240.

Zogawira 240. Kuti timve kulemera kwake tiiyerekeze ndi miliyoni, nambala imene tonse timaipatsa ulemu. 1,000,000 ndi ma 2 asanu ndi mmodzi kuchulukitsa ndi ma 5 asanu ndi mmodzi. Njira 7 kuno, njira 7 uko, zogawira 49 zokha. Ndi yaikulu kuposa 720,720, koma pogawana ndi youma mutu. Anthu atatu akagawana K1,000,000, K1 itsala. Akakhala 7, K1 itsalanso. Akakhala 12, itsala K4. Miliyoni imaoneka yosalala m'maso chifukwa choti timawerenga m'makumi, potengera zala za m'manja mwathu, koma m'kati mwake muli mitundu iwiri yokha ya njerwa.

Miliyoni ili ndi ulemu wake wina. Ndi 1,000 × 1,000, kutanthauza kuti zinthu miliyoni mutha kuziyala m'bwalo lofanana mbali zonse zinayi. Nambala zotere m'kalasi amati square, ndipo ndi zokhazo zimene chiwerengero cha zogawira zake sichigawika ndi 2. Zogawira zimayenda ziwiriziwiri, monga 5 ndi 6 pa mazira aja, koma apa 1,000 mnzake ndi iye mwini, ndiye amawerengedwa kamodzi. N'chifukwa chake tapeza 49.

Palibe nambala yochepera 720,720 imene ili ndi zogawira zofika 240, ndipo pansi pa miliyoni palibe imene imapitirira pamenepo. Nambala imene imaposa zonse za m'mbuyo mwake pa kuchuluka kwa zogawira amaitcha highly composite, titi yogawika koposa. Amene adazifufuza mozama ndi Srinivasa Ramanujan wa ku India, mu 1915. M'gululi muli nambala zimene timakhala nazo tsiku ndi tsiku osaziganizira: 12, 24, 60, 360. Ola lili ndi mphindi 60, chiwerengero chimene tidatengera kwa anthu akale a ku Babulo, ndipo ubwino wake ngwakuti mutha kulidula pawiri, patatu, panayi, pasanu, kapena pasanu ndi kamodzi popanda mphindi yoduka. Likadakhala la mphindi 100, kuligawa patatu kukadakanika. Ngakhale sabata yathunthu ili ndi mphindi 10,080, nayonso ya m'gulu lomweli.

Mnansi wa khomo lotsatira

Onjezerani 1 yekha. 720,721.

Kukula kwake n'chimodzimodzi, pa ndalama palibe angadandaule za kusiyanako. Koma khalidwe lasinthiratu. Mukaigawa ndi nambala iliyonse kuyambira 2 mpaka 16, nthawi zonse patsala 1. Ndidakhala nayo pansi usiku wina magetsi atazima, ndi pepala ndi tochi ya pafoni, kuyesa nambala za prime motsatana. 17 adakana, 19 adakana, 23, 29, 31, onse kukana. Zitakana nambala za prime 19 zoyambirira ndidayamba kukhulupirira kuti nayonso ndi prime. Ya chi 20 ndiyo idatsegula chitseko: 71. 720,721 ndi 71 × 10,151, ndipo ziwiri zonsezi ndi prime. Zogawira zake ndi zinayi zokha: 1, 71, 10,151 ndi iyo yomwe. Khomo ili 240, khomo lotsatira 4.

Kutsogolo kwake kulinso chodabwitsa. 720,722 igawika ndi 2, chifukwa 720,720 imagawika ndi 2 ndipo chomwe tawonjezera ndi 2. Pa chifukwa chomwecho 720,723 igawika ndi 3, 720,724 ndi 4, mpaka 720,736 yomwe igawika ndi 16. Kuyambira pa 720,720 mpaka pamenepo ndi nambala 17 zondondozana popanda prime ngakhale imodzi. Ndi nzeru yomweyi mutha kupanga chipululu chotere chachitali mmene mungafunire.

Nanga poti zipululu zikunka zikula, kodi nambala za prime sizidzatha? Euclid adayankha kalekale, ndipo yankho lake ndi kuwonjezera 1 komweku. Tiyerekeze kuti wina wabwera ndi mndandanda n'kunena kuti nambala za prime zonse ndi izi. Zichulukitseni zonse, muwonjezere 1. Nambala yatsopanoyo sigawika ndi iliyonse ya pa mndandandawo, chifukwa patsala 1. Ndiye kuti mwina iyoyo ndi prime, kapena ili ndi njerwa imene pa mndandanda palibe. Mwachitsanzo 2 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13 ndi 30,030. Kuwonjezera 1 ndi 30,031, yomwe ndi 59 × 509, njerwa ziwiri zachilendo. Mndandanda uliwonse umapezeka woperewera.

Yosefukira, yoperewera, yokwana ndendende

Njira ina yoikira nambala m'magulu ndi kuphatikiza zogawira zake zonse, kusiyapo iyo mwini, n'kuona chotuluka. Magulu atatu amene amatuluka pamenepa adawalongosola katswiri wina, Nicomachus, cha m'ma 100 Yesu atabadwa.

Tengani 12: 1 + 2 + 3 + 4 + 6 ndi 16, kuposa 12. Iyi ndi yosefukira, m'Chingerezi abundant. Tengani 10: 1 + 2 + 5 ndi 8, osafika. Iyi ndi yoperewera, deficient. Zogawira za 720,720 zikaphatikizidwa zimakwana 2,529,072, kuposa mwini wake katatu ndi theka. Za mnansi wake zimangofika 10,223.

Gulu lachitatu ndi losowa kwambiri. 6 ndi 1 + 2 + 3 ndendende. 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Izi amazitcha perfect, zokwana ndendende. Yachitatu ndi 496, yachinayi 8,128. Kuchoka apo mudutsa 720,720, mudutsa miliyoni, osakumana ndi ina mpaka pa 33,550,336. Zodziwika mpaka lero zilipo 52, zonse zogawika ndi 2. Ngati ilipo yokwana ndendende yosagawika ndi 2, palibe amene waipeza, komanso palibe amene watsimikiza kuti singapezeke. Funsoli lakhala lopanda yankho kwa zaka pafupifupi 2,000, chonsecho mwana wa pulayimale atha kulimva bwinobwino.

Palinso magulu ena amene ine ndimawaona ngati a chovala chabe. Madijiti a 720,720 akaphatikizidwa amapereka 18, ndipo 18 amaigawa bwino: 40,040. Nambala zotere mphunzitsi wina wa ku India, D. R. Kaprekar, adazitcha Harshad. N'zosangalatsa, koma zimadalira kalembedwe kathu ka m'makumi. Kompyuta imalemba ndi 0 ndi 1 basi, ndipo kwa iyo 720,720 ndi nambala ya madijiti 20 yothera ndi ma 0 anayi. Chovala chasintha. Koma njerwa khumi zija, zogawira 240 zija, sizisintha kaya mulembe motani, kaya muwerenge ndi timiyala.

Zimatikhudza pati?

Kuchulukitsa 71 ndi 10,151 mwana wa sitandade 6 achita mu mphindi imodzi. Kubwerera m'mbuyo, kupatsidwa 720,721 kuti upeze njerwa zake, kudanditengera madzulo onse. Zili ngati kuthira mpunga ndi mapira m'lichero limodzi: kusakaniza n'kwa kanthawi, kusankhula ndi ntchito.

Mu 1977 akatswiri atatu ku America, Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman, adasandutsa kusiyana kumeneku kukhala loko. Njira yawo imatchedwa RSA, kuchokera ku zilembo zoyamba za maina awo. Kompyuta imasankha nambala za prime ziwiri zikuluzikulu n'kuzichulukitsa. Yankholo limaperekedwa poyera, aliyense atha kutsekera nalo uthenga. Koma kutsegula kumafuna kudziwa njerwa ziwiri zija, zomwe mwini wake yekha ndiye amasunga. Iyi ndi imodzi mwa njira zimene zimateteza mauthenga ndi ndalama pa intaneti, monga pamene mukulowa mu akaunti yanu ya kubanki pa foni.

Nambala zimene amagwiritsa ntchito masiku ano nthawi zambiri zimakhala za madijiti 617. Mu 2020 gulu la akatswiri lidakwanitsa kuphwanya ya madijiti 250, ndipo ntchitoyo ikadapatsidwa kwa kompyuta imodzi wamba ikadatenga zaka mazanamazana. Choncho pa ntchito yogawana timafuna nambala ngati 720,720, koma pa ntchito yobisa timafuna ngati mnansi wake uja, wa njerwa ziwiri zokha. Lokoyu sikuti ndi wamuyaya. Mu 1994 Peter Shor adaonetsa kuti makompyuta a mtundu watsopano otchedwa quantum, akadzakhwima, adzatha kuphwanya nambala zotere mwachangu, ndipo akatswiri ayamba kale kukonza maloko a mtundu wina.

Yaikulu imene yapezeka

Mu Okutobala 2024 kudamveka nkhani yoti Luke Durant wa ku California wapeza nambala ya prime yoposa zonse zodziwika, kudzera mu ntchito yotchedwa GIMPS, momwe anthu odzipereka akhala akubwereketsa makompyuta awo kuyambira 1996. Nambalayo imapezeka pochulukitsa ma 2 okwana 136,279,841 n'kuchotsapo 1. Ili ndi madijiti 41,024,320. Mutati muziwerenga dijiti imodzi pa sekondi, usana ndi usiku osagona, mungathe masiku oposa 474.

Nambala za prime za mtundu uwu, ma 2 ochulukitsidwa kuchotsapo 1, zimatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600. Zing'onozing'ono zake ndi 3, 7, 31 ndi 127. Euclid adaonetsa kuti iliyonse ya izi imabala nambala yokwana ndendende: 3 amabala 6, 7 amabala 28, 31 amabala 496. Patapita zaka pafupifupi 2,000, Leonhard Euler adatsimikiza kuti yokwana ndendende iliyonse yogawika ndi 2 imachokera kumeneku. Ndiye tsiku limene Durant adapeza nambala ya Mersenne ya chi 52, adapezeratunso yokwana ndendende ya chi 52.

Lamulungu lapitali ndidapita ku Area 25 kukawaona azakhali. Ndidawapeza pakhonde ndi buku lawo la banki mkhonde, kuseri kwa chikuto atalemba nambala zingapo za madijiti atatu, iliyonse kawirikawiri, atazigawa pamanja osagwiritsa foni. Nditawafotokozera za alimi a ku Mitundu aja adandidula.

"Nanga ife tilipo amayi 17, mwananga. Nambala yakoyo ikutikana. Yotilola ife ndi iti?"

"Muwonjezere njerwa imodzi, azakhali. Muichulukitse ndi 17."

Adanyowetsa chala, n'kutsegula tsamba latsopano, n'kuyamba kuchulukitsa mzere ndi mzere monga adaphunzirira kale. Patapita kanthawi adanditembenuzira bukulo. Adalemba 12,252,240, ndipo adakhoza.